Pa Kosta Mwana Ndiye Amayamba Kumwa

Tsiku limene Denitra Pruitt anayamba ntchito yoperekera zakudya pa Kosta, sanamuphunzitse kusanja mbale zitatu pamkono umodzi ayi. Anamuphunzitsa za madzi. A Kosta, eni ake a malo odyerawo, mkulu wa ndevu zotuwa amene anafika mumzinda wa Brannock ali kamnyamata kuchokera kutsidya kwa nyanja, anamugwira pamkono n'kukamuimika pampopi wa kuseri kwa kauntala.

"Tamvera, mwana iwe. M'nyumba muno munthu akangokhala pansi, asanatsegule n'komwe pakamwa, tambula ya madzi izikhala ili kale patsogolo pake. Aulere. Osamufunsa ngati akuwafuna. Ndipo akabwera ndi mwana, mwana ndiye amayamba. Kapu yofiira ija, chivundikiro chake, kapaipi komwera. Wamkulu adikire, kaya ndi meya, kaya ndi papa."

Nthawi imeneyo Nitra, monga onse ankamuitanira, anali akadali pasukulu ndipo ankabwera Loweruka lokha. Manja ake analigwira lamulolo msanga kuposa mutu. Kabelu ka pachitseko kakangoti ngili, dzanja linali litafika kale pa kapu.

Kenako madzi anaipa. Anthu amene Bwanamkubwa Stroud anawatuma kudzayendetsa mzindawo, ati pofuna kupulumutsa ndalama, anatseka madzi ochokera kunyanja n'kutsegulira anthu a mumtsinje wa Brannock, mtsinje umene mafakitale a galimoto anausandutsa dzala kuyambira makedzana. Madziwo anadya mapaipi akale mkati, mtovu n'kusungunukira mu zimene anthu ankamwa. Ankatuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Tsitsi linathothoka, zidzolo zinabuka, ana anayamba kuiwala zinthu zimene ankazidziwa bwinobwino. Akuluakulu kulikulu ankangoti, "Madziwo ndi abwino, vuto ndi mtundu chabe." Anatero kwa nthawi yaitali zedi.

A Kosta anazondotsa matambula onse pashelefu, makapu ofiira n'kuwakweza pamwamba penipeni. "Bola munthu adye chouma," anatero, "kusiyana n'kuti ndimuphere patebulo langa."

Tsopano zaka zinali zitadutsa, ndipo madzi anali atayeranso mbee. Koma mtovu suoneka ndi maso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mapaipi a m'misewu yambiri, kuphatikizapo wa kwawo kwa Nitra ndi wa pa Kosta, anali asanasinthidwe, ndipo anthu ankafolabe pachisanu kumalo ogawira madzi a m'mabotolo.

Nitra anali atamaliza sukulu chaka chomwecho, ndipo mtima wake sunali mu Brannock. Unali kulikulu, m'kachipinda kamene anali asanakaonepo, pamwamba pa shopu yophika buledi. Anamufotokozera za kachipindako ndi Lamont Vickers, mnyamata wa miyendo yaitali amene anavina naye pa dansi yotsanzikana kusukulu, n'kumuponda chala, n'kupepesa mpaka nyimbo kutha. Lamont anachita mwayi, anasankhidwa pagulu la achinyamata othandiza muofesi ya bwanamkubwa. Ntchito yake inali kunyamula zinthu ndi kutsegula zitseko, koma ankavala tayi.

"Fungo la buledi limakudzutsa lokha," ankatero pafoni. "Ndipo shawa yake, Nitra! Ukhoza kuyasamula kukamwa madzi akukuthira kumaso. Ukhoza kumwa uku ukusamba."

Pamenepo m'pamene anamugwira mtima. Atsikana ena amalota mphete, ena diresi loyera. Nitra ankalota ataima pansi pa shawa, maso ali chitsinzire, kukamwa kuli yasa ngati mwana pamvula, Lamont akugogoda kuti afulumire khofi akuzizira. Kwawo ankasamba mothamanga, milomo ataitseka gwa, ngati munthu wosunga chinsinsi. Ankafuna kuchoka, ndipo ankafuna kuchoka dzulo.

Ndiye Lachinayi lina masana, mu Disembala, kabelu kanalira, Lamont n'kulowa chammbuyo atanyamula makatoni awiri osalembedwa kanthu. Nitra anangotsala pang'ono kugwetsa mbale ya tchipisi.

"Taonani galu wa mfumu!" Anali mayi Loretta, amene anawotcherera zitsulo kufakitale mpaka kupuma, ndipo tsopano ankakhala pampando womwewo wa pakauntala tsiku lililonse. "Tayiyo yakutsamwitsa, kapena ndi mmene mumayendera kulikuluko?"

"Mwaswera bwanji, mayi Loretta?"

"Ndaswera ndi mano anga otsalawa. Iwe Lamont, ndinkakusintha thewera kutchalitchi amayi ako ali kukwaya, lero ukundipatsa moni ngati wowerenga nkhani pawailesi? M'makatonimo muli chiyani? Mwatibweretsera mapaipi?"

Lamont anaseka kuseka kosafika m'maso. Kumbuyo kwake kunalowa mayi wamtali wa chikhothi chotuwa, foni ili m'manja. Anati dzina lake ndi mayi Pell, ndipo ndiye ankakonza maulendo a bwanamkubwa. Anafotokoza mwachangu, maso akuyendera makoma ndi mawindo. A Stroud akutula pansi udindo mu Januwale. Akuyenda mzinda ndi mzinda kutsanzika. Mawa m'mawa adzadya pano, pamaso pa atolankhani, ndipo adzamwa madzi a mu Brannock.

"Tikufuna anthu adzawakumbukire ngati munthu amene anakonza zinthu," anatero, "osati..."

"Osati amene anaziwononga," anamalizitsa mayi Loretta, n'kupsontha khofi wawo.

Zenizeni zinakakambidwa kukhitchini, motsitsa mawu. M'makatonimo munali mabotolo a madzi. Mtsikana woperekera adzathira madziwo m'jagi atolankhani asanafike, jagiyo n'kuiika pafupi ndi mpopi. Bwana akakhala pansi, iye adzanyamula jagi, n'kudzaza tambula, n'kumwetulira. Basi.

"M'mimba mwa bwana simuchedwa kusokonezeka akakhala paulendo," anatero mayi Pell. "Si kuti tikukayikira madziwo ayi."

A Kosta anasuzumira panja pa khitchini. Matebulo onse anali opanda anthu kupatula limodzi, ndipo nthawiyo inali ya nkhomaliro. Anadzikanda m'ndevu kwa kanthawi, kenako anagwedeza mutu kuvomera, osayang'ana munthu aliyense.

Nitra anakumana ndi Lamont kuseri, pafupi ndi migolo ya zinyalala, mpweya wawo ukutuluka ngati utsi. Lamont anatsegula chikhothi chake n'kumulowetsamo. Ankanunkhira sopo wachilendo. Kwa kanthawi Nitra anaiwala zonse: migolo, chisanu, jagi. Anangomva mtima wa mnyamatayo ukugunda pakhutu lake, ndipo anaganiza kuti akanatha kukhala momwemo mpaka masamba aphukenso m'mitengo.

"Wanenepa," anatero Nitra.

"Ndi buledi uja. Nawenso akunenepetsa, dikira uone."

"Bwana akamwa madziwo, chichitike n'chiyani?"

"Palibe. Zithunzi basi."

"Lamont."

Mnyamatayo anakankha kachibulumwa ka ayisi ndi nsapato yake yonyezimira. "Malo ogawira madzi atsekedwa kumapeto kwa mwezi uno. Anagwirizana kale. Akungofuna anthu aone kaye kuti mwini wake wamwa."

Nitra anatuluka m'chikhothimo. "Ndiye Tiana azimwa chiyani?"

Tiana anali mwana wa mkulu wake wa Nitra. Ali ndi zaka ziwiri ankaimba nyimbo yonse ya zilembo, anthu kutchalitchi n'kumamuwombera m'manja. Tsopano anali ndi zisanu, ndipo nyimboyo inkamuthera panjira.

"Muli ndi sefa pampopi."

"Sefa imene inang'ambika ija? Ukulankhula ngati iwo tsopano."

"Nitra, tamvera. Atseka, kaya iwe uthira kaya suthira. Ukakana, athira wina. Koma ndine ndinawauza za malo ano. Ndinati ndili ndi munthu wanga wodalirika. Zikayenda bwino, mayi Pell andilemba ntchito yokhazikika kunyumba yosungira mbiri ya bwana imene akumanga ija, ndiye kuti Januwale ndikubwera kudzakutenga. Zikasokonekera, ndatha ine. Kachipinda kaja kapita." Anamugwira masaya ndi manja ozizira. "Tambula imodzi yokha. Tavutika mokwanira, iwe. Sitinaipitse madzi ndife. Tichoke."

Madzulo amenewo Nitra ndiye anasambitsa Tiana. Anatsegula mabotolo, n'kutenthetsa madzi mumphika, n'kuthira m'beseni, monga ankachitira masiku onse. Mwanayo anatola kabakha kake ka pulasitiki, n'kukayang'ana nthawi yaitali atakwinya nkhope.

"Anti Nitra, aka dzina lake ndani?"

"Bakha, Titi. Unandiuza wekha dzulo."

"Bakha," anatero Tiana, mosamala ngati akunyamula dzira.

Nitra anamutsuka kumsana mwakachetechete. Mumtima munali mkwiyo, koma pansi pa mkwiyowo panali kutopa, ndipo kutopako n'kumene kunapambana. Wayenda pazionetsero, wanyamula zikwangwani, wakuwa mpaka mawu kusasa. Chasintha n'chiyani? Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zokha. Kodi akalambe akutsegula mabotolo? Ndithira, anadziuza. Ndithira, ndimwetulira, ndichoka, ndipo sindidzacheuka.

M'mawa mwake kunacha kutayera ndi chipale chofewa. Nitra anavala epuloni yochapa, n'kudzola milomo chifukwa cha Lamont. Anadzaza jagi monga anamuuzira, mabotolo n'kuwabisa pansi pa kauntala. A Kosta anatsitsa tambula imodzi pashelefu, n'kuipukuta, n'kuipukutanso, ngati kuti kupukutako kuchotsa china chake. Atolankhani anadzaza thothotho ndi makamera ndi nyali zawo. Mayi Loretta anakana kusuntha pampando wawo.

"Mpando uwu unapindika potengera ine," anauza mnyamata wa chitetezo. "Ukaunyamula unyamule ndi ine ndemwe."

Galimoto zakuda zinaima panja. Lamont anatsegula chitseko, kabelu n'kulira.

Bwanamkubwa Stroud anali wocheperapo kusiyana ndi pa kanema, wa imvi, wa maso otopa ndi mawu ofatsa. Anapereka moni wa dzanja kwa aliyense. Mayi Loretta anapinda manja awo m'khwapa. Koma Nitra sankayang'ana bwanayo. Ankayang'ana chimene bwanayo anagwira kudzanja lamanzere: kamtsikana ka chikhothi chachikasu, kogweluka dzino lakutsogolo.

"Mdzukulu wawo," ananong'ona mayi Pell podutsa. "Maganizo a m'mawa uno. Chithunzi chimakoma pakakhala mwana. Iwe chita monga tinapangana."

A Stroud anakhala patebulo la pawindo, n'kutembenukira ku makamera. "Ndabwera ndi Greta," anatero, "chifukwa zonse zimene tachita mumzinda muno, zovuta ndi zokoma zomwe, tachitira adzukulu athu. Lero madzi a mu Brannock ndi abwino ngati a kwina kulikonse. Ndikufuna mudzionere nokha."

Nitra anali atanyamula kale jagi. Anali ataponda kale phazi loyamba. Kamtsikanako kanakwera pampando ndi mawondo, n'kukhala, n'kuyamba kugwedeza miyendo imene sinkafika pansi, chimodzimodzi Tiana. Kanayang'ana Nitra n'kumwetulira ndi gweru lake lija.

Mwana wakhala patebulo. Patsogolo pake palibe kanthu.

Mpaka lero Nitra sadziwa ngati anayamba ndi manja kapena mtima. Anaika jagi pansi. Anakoka kampando, n'kukwera, n'kutsitsa kapu yofiira pamwamba penipeni paja. Anauzira fumbi, phuu.

"Nitra," anatero a Kosta chapansipansi. Mtsikanayo anawayang'ana. Mkuluyo anayang'ana kapu, anayang'ana mwana, n'kutseka pakamwa. Lamulo linali lawo lomwe.

Nitra anatsegula mpopi. M'chipinda monse munali zii, moti phokoso la madzi linamveka ngati mvula pamalata. Anatsuka kapu, n'kuidzaza pamaso pa aliyense, madzi oyera bwino, okongola, opanda banga. Anatseka chivundikiro, n'kulowetsa kapaipi. Pachitseko paja Lamont ankapukusa mutu pang'onopang'ono, milomo yake ikunena mawu amodzi opanda liwu: chonde. Nitra anaona kachipinda kaja m'maganizo mwake, windo, nthunzi ya shawa, buledi wotentha. Anakaona bwinobwino, kakuchepa ngati nyumba imene ukuisiya uli m'basi. Mumtima munamupweteka kwambiri. Koma miyendo inapitirira.

Sanali wamisala. Chala chake chachikulu chinali chitapinda kale kapaipi kaja m'munsi, pachivundikiro penipeni, n'kukafinya ndi mphamvu zake zonse, mobisika kuseri kwa zala zinazo. Dontho limodzi silikanadutsa. Ndipo kapuyo sakanaitaya m'manja ngakhale atamudula mkono.

Anafika patebulo, n'kutsitsa kapu patsogolo pa mwanayo, osaisiya.

"Zikomo!" anatero Greta, n'kuigwira ndi timanja tonse tiwiri, pamwamba pa dzanja la Nitra.

"Bwana," anatero Nitra. "Awa ndi a pampopi. M'nyumba muno mwana ndiye amayamba. Ndimusiyire?"

Kumwetulira kwa a Stroud kunatsala pankhope ngati chovala choiwalika pachingwe. Anayang'ana jagi ili patali pakauntala. Anayang'ana mayi Pell. Makamera onse anali pa iwo. Akanangoti inde, ntchito yonse imene anabwerera ikanatheka, kuposanso mmene anakonzera. Anatsegula pakamwa.

Mwana sadikira zokamba za akulu. Greta anaweramira kapaipi, milomo atasongola.

Dzanja la bwanamkubwa linauluka. Linafika pakati pa kamwa la mwana ndi kapaipi, n'kuvundikira kapu yonse, mwamphamvu moti tebulo linagwedera.

"Usamwe!"

Mawuwo anatuluka okha, aakulu, a gogo wamantha, osati a bwanamkubwa. Ndiye makamera anayamba kulira onse pamodzi, tcha tcha tcha tcha, ngati ziwala m'munda.

Nitra analimva dzanjalo pamwamba pa lake. Ndipo chimenechi n'chimene chinamupsetsa mtima kuposa zonse: munthuyu ankadziwa kukonda mwana. Ankadziwa mmene dzanja limathamangira. Zaka zonsezi ankadziwa.

"Koma agogo, ndili ndi ludzu," anadandaula Greta.

"Pepa, chemwali," anatero Nitra. Anasolola dzanja lake, kapu n'kutsala pansi pa chikhatho cha bwanayo. Anapita kuseri kwa kauntala, n'kukoka katoni yonse, n'kuikweza pamwamba pomwe aliyense akanaiona. Anatulutsa botolo limodzi, n'kulitsegula, n'kupatsa mwanayo. "Imwa awa. Awa ndi amene anthu a agogo ako anabweretsa dzulo, kuti ndithire m'jagi."

"Ambuye Yesu," anatero mayi Loretta mokweza ndithu. "Ndakhalira moyo tsiku limeneli."

A Stroud anadzilimbitsa mtima. Anali munthu wozolowera mabwalo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. "Mwana wanga," anatero mofatsa, "wandimva molakwa. Ana aang'ono, madokotala amalangiza kuti..."

"Sindine mwana wanu, bwana. Ndikanakhala wanu, bwenzi mutaika dzanja pakapu yanga kalekale." Anayang'ana bwanayo m'maso, n'kupitiriza. "Kwathu kuli mwana wa msinkhu womwewu. Dzina lake Tiana. Dzulo anandifunsa dzina la bakha. Iyeyo palibe anamuuza kuti usamwe. Munatiuza kuti imwani. Ndiye mwezi uno ukatha mukufuna mutseke kogawira madzi, azimwa omwe mwaletsa mdzukulu wanuwa?"

Atolankhani anayamba kufuula mafunso onse nthawi imodzi. Mutseka? Liti? Munadziwa za jagi? Bwanayo anayang'ana kapu yofiira ili pansi pa dzanja lake. Kenako anachita chinthu chokhacho chimene chinamutsalira. Anainyamula, n'kuwongola kapaipi kopindika kaja, n'kumwa. Anamwa mpaka kapu kulira kuti fyoo. Mkulu wa imvi, wa suti ya mtengo wapatali, akuyamwa kapaipi ka ana pamaso pa dziko.

"Mwaona?" anatero, akupukuta pakamwa. "Abwino."

Aliyense anali ataona kale dzanja lija.

Bwanayo sanadye n'komwe. Mayi Pell anawatulutsa mwachangu, Greta akukokedwa uku akubayibitsa Nitra ndi botolo lake. Atolankhani anakhamukira panja kuwatsatira. M'kanthawi kochepa m'nyumbamo munatsala mipando yosunthika, matope a nsapato, ndi Lamont ataima pachitseko.

Nitra anamuyandikira. Milomo imene anadzola chifukwa cha iye inali itauma.

"Wandipha," anatero Lamont.

"Sindinadziwe kuti kubwera mwana."

"Ukanangothira! Ukanangothira, Nitra! Unandilonjeza ndi maso ako."

"Ndinkati ndithira. Mulungu akudziwa, jagi inali m'manja."

"Ndiye?"

"Ndiye mwana anakhala patebulo."

Panja hutala inalira. Mayi Pell anali ataima pagalimoto yomaliza, chitseko chili chotsegula, akuyang'ana wotchi.

"Ndikapita pano, mwina andisiya ndipitirize kunyamula makatoni," anatero Lamont, osamuyang'ana. "Ndikawauza kuti sindinkakudziwa bwino."

"Usapite." Anamugwira kumkono kwa chikhothi. Sanachite manyazi ndi mayi Loretta kapena a Kosta. "Tsala, Lamont. Kuno n'kwanu. Amayi ako akumwa madzi omwewa. Tidzapeza kachipinda kwina, tidzapeza shawa ina, kaya liti. Tsala ndi ine."

Anamuyang'ana tsopano, ndipo m'maso mwake munali mnyamata uja wa pa dansi, wopepesa mpaka nyimbo kutha. Nitra anaganiza kuti atsala. Anakhulupirira ndithu, kwa kamphindi konse kathunthu.

"Ndinatuluka kale ine," anatero Lamont. "Sindingabwererenso kumabotolo."

Anachotsa zala za Nitra pachikhothi chimodzichimodzi, mofatsa. Kabelu kanalira. Anayenda pachipale atazyolika, nsapato zonyezimira zija zikuterereka, n'kulowa m'galimoto. Sanacheuke.

Nitra anaima pomwepo mpaka galimoto inakhota pangodya. Kenako anapita kukatola kapu yofiira patebulo. Misozi inkagwera pa epuloni, ndipo sanaipukute.

"Lira, mwana wanga," anatero mayi Loretta. "Lira wamiyendo yaitaliyo lero ndi mawa. Mkucha uleke. Tayi ija sinkamukhala n'komwe."

Nitra anaseka uku akulira, mamina n'kutuluka. Anatembenukira kwa a Kosta. "Mundichotsa ntchito?"

Mkuluyo ankayang'ana makatoni amene anthu a bwanamkubwa anaiwala pothawa. "Ndikuchotse chifukwa chosunga lamulo langa limene ine mwini ndinaliphwanya?" Anawerama, msana ukulira, n'kunyamula katoni imodzi. "Iyi upite nayo kwa Tiana. Inayi itsale. Tsitsa makapu onse ofiira, uwatsuke ndi a m'botolo. Kuyambira lero madzi abwerera patebulo. Tiyamba ndi a bwanamkubwawa, akatha tidzaona."

Kulikulu anapachika chithunzi cha a Stroud pakhoma la abwanamkubwa akale, monga mwa mwambo. Akuti n'chokongola: ataima pawindo, manja atapinda mwaulemu patsogolo. Mu Brannock palibe anapita kukachiona. Kumeneko anali ndi chawo, chodula m'nyuzipepala, chomatidwa pawindo la pa Kosta, m'mashopu ometera ndi pazitseko za matchalitchi: kamtsikana katasongola milomo, kapu yofiira, ndi dzanja. Ukangotchula dzina la Stroud, ngakhale mwana amatambasula chikhatho n'kuvundikira kapu yosaoneka. Malo ogawira madzi sanatsekedwe mwezi umenewo, ngakhale wotsatira. Mapaipi a mumsewu wa kwawo kwa Nitra anali akadali omwe aja.

Januwale anafika. Lamont sanaimbe foni.

Loweruka lina mkulu wake wa Nitra anabwera ndi Tiana pa Kosta. Kabelu kanati ngili, ndipo mwanayo asanamalize kukwera pampando, kapu yofiira inali kale patsogolo pake. Tiana anaigwira ndi manja awiri, n'kuyang'ana anti akewo kaye, monga ana onse a mu Brannock anaphunzirira kuyang'ana wamkulu asanamwe.

"Imwa, Titi," anatero Nitra. "Iwe ndiye woyamba."

Madzulo ake anasamba monga mwa masiku onse, mothamanga, milomo ataitseka gwa. Ankamufunabe mnyamata uja, ndipo ankaifunabe shawa ija, mwina kuposa mnyamatayo. Koma anali atasankha kale kumene adzayasamulire kukamwa: m'bafa lomweli, la matailosi osweka, mumsewu womwewu. Akuluakulu aja adzakumba mapaipiwa n'kuika atsopano, afune asafune. Ndipo Nitra sanali munthu wodziwa kudikira mwakachetechete.